Cimangirizo ca Wophunzira Wotsutsa Lamulo la Sukulu

Ku Amereka, mnyamata kapena mtsikana wofuna malo ku koleji satumiza zotsatira za mayeso zokha ai. Alembanso cimangirizo conena za moyo wace. Makoleji oposa 1,000 alandira kalata yamtundu umodzi yofunsira malo, dzina lace Common Application, ndipo cimangirizo ca m'kalatamo sicipitirira mau 650. Mwa mitu yosankhapo, umodzi upempha wophunzira kuti asimbe nthawi imene anatsutsa ganizo lina, cimene cinamcititsa, ndi mathero ace. Apa ena alemba za kulimbana kwao ndi malamulo a sukulu, monga a zobvala kapena a mabuku oletsedwa.

Kulimba mtima kotere kuli ndi gwero lace. Mu December 1965, Mary Beth Tinker, wa zaka 13, ndi anzace ku Des Moines anabvala nsaru zakuda pamkono podana ndi nkhondo ya ku Vietnam. Akuru a sukulu anali ataletsa, ndipo anawacotsa kwa kanthawi. Mu 1969 bwalo lalikuru la dzikolo linagamula kuti wophunzira sataya ufulu wa kulankhula polowa pa sukulu, malinga asasokoneze maphunziro. Ndiponso mu 2021 Common Application inacotsa funso lofunsa ngati wophunzira analangidwapo ku sukulu.

Komabe mutu umenewu uli ndi msampha. Wolemba akangodzitama, nanyoza aphunzitsi ace, aonetsa mkwiyo wokha, ndipo malo angampite. Cimangirizo cokoma cichula lamulolo, cifotokoza moona cifukwa cimene akuru analiikira, cilongosola njira zimene wolembayo anatsata, kaya kalata, kaya msonkhano, ndi cimene anaphunzirapo ngakhale anagonja. Cofunika ndico kuganiza kwace, osati kupambana kwace.

Inu amene mudzaphunzitsa ana, yesani mutu uwu m'makalasi apamwamba: "Lamulo la sukulu limene ndikadasintha." Auzeni ayambe ndi ubwino wa lamulolo, pambuyo pace kuipa kwace, potsiriza cimene cingalowe m'malo mwace. Musamlange mwana cifukwa ca zimene walemba, pakuti mukatero mawa adzalemba zokukondweretsani zokha. Mwana wotsutsa mwaulemu ndi mwadongosolo waphunzira cinenero ndi khalidwe pamodzi. Ndipo paja wakutsina khutu ndi mnansi.