Mapazi a Aluya pa Mpata wa Fort Lister

M'chimangirizo chino ndifotokoza mbali imene Aluya adatengapo pofalitsa maulendo ataliatali kuno kwathu. Chitsanzo changa ndi Fort Lister m'boma la Phalombe.

Angerezi adamanga linga limeneli m'chaka cha 1893, nthawi ya Harry Johnston, pa mpata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi. Adasankha malowa chifukwa mpatawu udali njira ya amalonda a minyanga ndi akapolo opita kugombe la nyanja yamchere, cha ku Quelimane.

Aluya ndi Aswahili sankayenda okha. Iwo ankabweretsa nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga, koma odziwa njira, madooko ndi pogona adali Ayao, motsogozedwa ndi mafumu monga Matipwiri. Motero luso lokonza ulendo wa miyezi ingapo lidakhazikika pakati pathu Azungu asanafike. Ngakhale David Livingstone ankatsata njira za amalonda omwewa, ndipo mu 1863 adakumana ndi Jumbe ku Nkhotakota.

Monga wophunzira zinenero, ndimaona mapazi a alendowa m'mawu. Mzikiti, shehe ndi sadaka ndi mawu ochokera ku Chiarabu, amene adatipeza kudzera m'Chiswahili ndi Chiyao.

Komabe sitingayamikire maulendowa mwachimbulimbuli. Ambiri amene adadutsa pa mpatawu adali m'magoli, ndipo sadabwererenso kwawo. Tikamaphunzitsa za Aluya ngati otsegula njira, tizitchulanso makolo athu amene adasenza katundu m'njiramo.