Prado yakale: kugula n'kosavuta, ntchito ndi kuisunga pamsewu

Anthu ambiri akabwera kugalaja kwanga ndi nkhani ya galimoto yaikulu, funso lawo limakhala limodzi: "Amakaniko, ndapeza Prado yotchipa, ndigule?" Ine ndimawafunsa kaye ngati atagula adzatsale ndi kanthu m'thumba. Galimoto ikamakalamba mtengo wake wogulira umatsika, koma tayala lake, oilo wake ndi ma sipeya ake amagulitsidwabe pamtengo wa galimoto ya anthu olemera. Zipangizo zimenezi zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, eni Prado zakale anamva kuwawa mofanana ndi eni zatsopano.

Ndikunena za Toyota Land Cruiser Prado ya mtundu wa 90, yomwe inapangidwa kuyambira 1996 mpaka 2002, ndi ya 120, ya 2002 mpaka 2009. Ndi galimoto zolimba ndithu, ndipo ndimazilemekeza. Zimadutsa m'matope a Januwale pamene galimoto zazing'ono zatitimira. Vuto ndi lakuti mbiri ya kulimbayo imapangitsa eni ake kuganiza kuti sizifuna chisamaliro.

Chimene chimapha Prado zambiri zimene ndaziona ndi kutentha. Injini ya dizilo ya 1KZ-TE, ya malita atatu, thunthu lake ndi lachitsulo koma hedi yake ndi ya aluminiyamu. Zitsulo ziwirizi zikatentha sizifufuma mofanana. Injini ikawira, hedi imapindika kapena kung'aluka, nthawi zambiri pakati pa ma valavu, ndipo mng'aluwo simungauone popanda kumasula. Mwini amangoona kuti madzi akutha mu radiyeta koma pansi palibe podontha. Amathiramo ena n'kumayendabe. Pakapita masabata, m'mawa injini imayamba kuvuta kulira, utsi woyera umayamba kutuluka, mapaipi a madzi amalimba gwa chifukwa mpweya wa mu injini ukulowa m'njira ya madzi.

Chimandipweteka n'chakuti chiyambi chake chimakhala kanthu kotchipa. Radiyeta ya zaka makumi awiri imakhala itatsekeka m'kati ndi dzimbiri, makamaka ngati mwakhala mukuthiramo madzi a pamjigo m'malo mwa kulanti. Fani ya injini imeneyi ili ndi kachipangizo ka mafuta olimba kamene kamaigwiritsa mwamphamvu injini ikatentha. Kakatopa, fani imazungulirabe, diso limakhutira, koma mphepo yake ndi yochepa. M'tauni simudziwa kanthu. Mudzadziwira pokwera Chiweta kapena Khwekhwerere mu Okutobala, galimoto itadzaza anthu ndi katundu. Ndiye pali mchitidwe wochotsa thamositati, umene amakaniko anzanga ena amauyesa mankhwala a kuwira. Sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Kuchotsa thamositati kumabisa matenda ndipo kumasokoneza kayendedwe ka madzi mu injini. Ngati mwagula Prado ya 1KZ, ndalama zanu zoyamba zipite ku radiyeta, mapaipi, thamositati ndi fani, wailesi ndi ma rimu zidikire. Ndipo singano ya kutentha ikangodutsa pamene imakhala masiku onse, imani pomwepo. Makilomita asanu oti "tingofika pa trading" ndi amene amagulitsa hedi yatsopano.

Injini ya 1KD-FTV, imene ambiri amaidziwa kuti D-4D, matenda ake ndi ena. Imapopera dizilo pa mphamvu yaikulu kwambiri kudzera m'timabowo tating'ono zedi ta ma injekita, choncho sipirira dizilo wakuda. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, anthu akamagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, nthawi zina wosakaniza ndi parafini kapena madzi, ife kugalaja timadziwa kuti ma injekita akubwera. Alipo anayi, ndipo amafunika kuwalembetsa mu kompyuta ya galimoto akasinthidwa. Pansi pa injekita iliyonse pali kawashala kotseka mpweya. Kakayamba kudontha, mwaye umalowa mu oilo, umaundana n'kutseka sefa yokokera oilo pansi pa injini. Injini imafa ndi njala ya oilo pamene oilo ali wodzaza. Kawashalako mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi injini. Nyali ya madzi mu fyuluta ya dizilo ikayaka, musaiphimbe ndi tepi. Khetsani madziwo tsiku lomwelo.

Injini zonse ziwirizi zili ndi lamba wa taimingi. Ngati wogulitsa sangakuonetseni umboni wa tsiku limene anasinthidwa, musinthireni limodzi ndi ma tenshona ake. Akaduka injini ikuyenda, ma valavu amagundana ndi ma pisitoni.

Pali chinthu china chimene chimakhudza moyo wa anthu, makamaka pa Prado 90. Ma bolojointi a m'munsi a matayala akutsogolo amanyamula kulemera kwa galimoto mowakoka. Akatha n'kusolokoka, tayala limapindikira pansi pa galimoto mwadzidzidzi. Mukaona Prado itagwada kutsogolo pakati pa msewu, kawirikawiri ndi zimenezo. Misewu yathu ya maenje imawatopetsa msanga. Apa ndimakana kuikira kasitomala sipeya yachinyengo ngakhale atabwera nayo yekha, ndipo ya kaunjika sindiilola konse. Ma bushi ndi ma shoko angadikire malipiro a mwezi wamawa, bolojointi ayi. Ma Prado 120 ena apamwamba ali ndi matumba a mpweya kumbuyo m'malo mwa ma sipiring'i. Akaboola, ambiri amangoika ma sipiring'i wamba, ndipo ine sindiona cholakwika.

Tsopano ndalama za tsiku ndi tsiku. Galimotoyi imalemera pafupifupi matani awiri ndipo matayala onse anayi amakoka nthawi zonse. Ya dizilo imamwa malita 10 mpaka 13 pa makilomita 100, kutengera katundu ndi phazi la dalaivala. Kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe ndi makilomita oposa 300, ndiye werengani nokha ulendo wopita ndi kubwerera. Pa sevisi imafuna oilo pafupifupi malita 7, pamene Corolla imakhuta ndi anayi, ndipo m'fumbi lathuli ndimalangiza kusintha pa makilomita 5,000 aliwonse. Kuonjezera apo pali oilo wa giyabokosi, wa transifa ndi wa ma difu awiri, amene ambiri amaiwala kuti aliko. Matayala, monga a 265/65 R17 a pa 120, amafunika kukhala ofanana kukula ndi kutha kwake, chifukwa kusakaniza latsopano ndi lopyapyala kumavutitsa difu ya pakati. Ikani pamwamba pake inshuwalansi ndi COF. Woitanitsa kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam adziwenso kuti msonkho wa MRA umayang'ana zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, ndipo Prado yakale imalemedwa mbali zonse ziwiri.

Mlimi wa ku Mchinji kapena wabizinesi woyenda m'misewu yafumbi ya ku Chitipa ali ndi chifukwa chomveka chokhalira ndi galimotoyi. Wongoyenda pakati pa Area 25 ndi City Centre ku Lilongwe akulipirira mphamvu imene saigwiritsa ntchito.

Mukatsimikiza kugula, pitani m'mawa injini isanalizidwe, ndipo mugwire kaye kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Tsegulani chivindikiro cha radiyeta idakali yozizira choncho, lizani injini, muone ngati m'madzimo mukutuluka thovu losalekeza. Kenako itengeni pamtunda wautali eyakoni itayatsidwa, maso ali pa singano ya kutentha. Pomaliza ikwezeni pa jeke, makaniko wanu, osati wa wogulitsa, agwedeze matayala akutsogolo ndi kuyang'ana dzimbiri pa chasisi.