Minga ya ku Gaborone ndi Matayala Opanda Chubu

Aliyense amene anapalasapo njinga m'tinjira ta m'tsinde mwa phiri la Kgale, ku Gaborone m'dziko la Botswana, amadziwa kuti mdani wamkulu kumeneko ndi minga. N'chifukwa chake ena amasankha matayala opanda chubu, amene kampani ya Mavic ya ku France inawabweretsa pa njinga zokwerera mapiri mu 1999.

M'tayala lotere amathiramo utomoni wamadzimadzi wa labala, mamililita 60 mpaka 120. Munga ukalasa, mpweya umakankhira utomoniwo pabowo, ndipo umaundana n'kutseka njinga ili pa ulendo.

Komatu utomoniwu umauma, makamaka kukatentha kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, gwedezani gudumu. Mukapanda kumva kukhuvuka m'kati, wonjezerani wina kudzera pavalavu mutachotsa kachitsulo kake ka m'kati. Bowo lalikulu utomoni sulitha, choncho chubu ndi pampu zisasowe m'chikwama.

Alangizi ndi alimi amene njinga zawo n'zamachubu asataye mtima, pakuti ulipo utomoni wina wothira m'chubu momwemo. Ulendo wa kumsika kapena wokaona wodwala usathere pa munga umodzi.