Kodi mumadziwa? Likodzo linateteza mbewa ku shuga

Shuga wogwira ana amayamba chitetezo cha m'thupi chikasokonezeka n'kuyamba kupha maselo opanga insulini m'kapamba. Asayansi amafufuza matendawa pa mbewa za mtundu wa NOD, zimene akatswiri a ku Japan anazilengeza mu 1980. Zazikazi ndizo zimadwala kwambiri.

Mu 1999, gulu la Anne Cooke ku Cambridge linapatsira mbewazi tinyongolotsi ta likodzo la m'matumbo, ndipo zambiri sizinadwale shuga. Mazira a tinyongolotsito amasintha mauthenga amene maselo oteteza thupi amatumizirana, ukali wawo n'kuzilala.

Izitu n'za mbewa. Kwa wosamba mu Shire ku Liwonde kapena m'nyanja ya Chilwa, likodzo limawononga chikhodzodzo ndi chiwindi. Mukaona magazi mumkodzo, pitani kuchipatala cha Machinga kapena cha Balaka mukayezedwe.