Alendo a Pagombe: Kuona ndi Kujambula Mbalame za ku Nyanja Yamchere

M'nkhani yathu ya lero tikupita kugombe la nyanja yamchere, m'dziko la Mozambique, kuti tikaone mbalame zimene zimadya m'matope ndi mumchenga madzi akaphwera. Tifotokoza kumene mbalamezi zimachokera, m'mene munthu angazionere bwino, ndiponso m'mene angazijambulire popanda kuzivutitsa. Nkhaniyi ikutikhudza ngakhale ife okhala kutali ndi nyanja yamchere, pakuti zina mwa mbalame zomwezi zimafikanso ku Nyanja ya Chilwa, m'mbali mwa mtsinje wa Shire ndi m'madambo athu.

Tiyambe ndi madziwo. Ife tidazoloŵera Nyanja ya Malaŵi, imene imadzala mvula ikagwa ndi kuphwera pang'onopang'ono m'chilimwe. Nyanja yamchere khalidwe lake ndi lina. Iyo imadzala kaŵiri ndi kuphwera kaŵiri pa tsiku, chifukwa mwezi, mothandizana ndi dzuŵa, umakoka madzi a padziko lapansi. Madzi akadzala, pamapita maola 12 ndi mphindi 25 kuti adzalenso. Motero ngati lero adzala 6 koloko m'maŵa, maŵa adzachedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu, ndiponso pamene uli mumdima usanaoneke, mwezi, dzuŵa ndi dziko zimakhala pamzere umodzi, ndipo masiku amenewo madzi amadzala kwambiri ndi kuphweranso kwambiri. Kudoko la Beira, madzi amatha kukwera ndi kutsika mamita opitirira 6 pa masiku otereŵa, ndipo akaphwera amasiya chidikha cha matope chotambalala kutali.

Matope ameneŵa, amene munthu angaŵayese opanda pake, ndiwo nkhokwe ya mbalame. M'menemo mumakhala nyongolotsi, tinkhanu, tinkhono ndi tizilombo tina tosaŵerengeka. Koma nkhokweyi imatseguka madzi akaphwera, nkutsekekanso madzi akadzala. Nchifukwa chake mbalame za pagombe sizitsata dzuŵa monga zichitira nkhuku ndi njiŵa. Zimadya pamene matope aonekera, kaya ndi masana kaya ndi usiku, ndipo zimapuma pamene madzi aphimba malo odyerawo. Aliyense wofuna kuziona ayenera kuyamba wamvetsa mfundo imeneyi.

Tsono mbalamezi zimachokera kuti? Zambiri mwa izo sizibadwira mu Africa muno. Zimaikira mazira kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, m'zipululu zozizira za ku Siberia ndi kumpoto kwa Ulaya, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chipale chasungunuka ndipo dzuŵa limakhala osaloŵa usiku wonse. Kuzizira kukayandikira zimanyamuka, ndipo zimayamba kufika kuno cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, nkudzabwerera mu Marichi ndi Epulo. Ina mwa izo, imene m'mabuku a mbalame imatchedwa curlew sandpiper, imauluka makilomita opitirira 10,000 kuchokera ku Siberia kudzafika kummwera kwa Africa. Inzake yotchedwa little stint imalemera magalamu pafupifupi 25 okha, moti ingakwane m'dzanja la mwana, komabe nayo imayenda ulendo wonga womwewo chaka ndi chaka.

Pa nkhani ya kuuluka osatera, pakati pa mbalame za pagombe palibe yodziŵika yoposa bar-tailed godwit, imene imapezekanso m'magombe a Mozambique. Mu 2022, imodzi ya mtundu umenewu, imene akatswiri adaimangirira kachipangizo koilondolera, idanyamuka ku Alaska nikatera ku Tasmania patapita masiku 11, itauluka makilomita 13,560 osadya, osamwa, osatera paliponse. Mphamvu za ulendo wotere zimachokera m'mafuta amene mbalame imasunga m'thupi isananyamuke, ndipo mafutawo amachokera m'zakudya za m'matope zija.

Wofuna kuzindikira mitundu ya mbalamezi ayambe ndi kuyang'ana mlomo, popeza nthaŵi imene zili kuno zambiri zimakhala zotuŵa kumsana ndi zoyera kumimba, moti maonekedwe a nthenga sathandiza kwenikweni. Mbalame yotchedwa whimbrel ili ndi mlomo wautali wokhotera pansi, umene imapisa m'maenje a nkhanu. Mlomo wa godwit ndi wautalinso koma wopendekera m'mwamba pang'ono, ndipo imauzika wonse m'matope pofuna nyongolotsi za pansi. Kunsonga kwa milomo ya mbalame zotere kuli timitsempha timene timazithandiza kumva chakudya chobisika popanda kuchiona. Za mtundu wa plover zili ndi mlomo waufupi ndi maso aakulu, ndipo zimasaka ndi maso: zimathamanga pang'ono, nkuima chilili, nkujompha, nkuthamanganso. Kambalame koyera kotchedwa sanderling kamathamangira funde likamabwerera ndi kulithaŵa likamabwera. Palinso turnstone, imene imagubuduza timiyala ndi zinyalala za m'nyanja pofuna tizilombo tobisala pansi pake. Kusiyana kwa milomo kumeneku ndiko kumalola mitundu yambiri kudya pamalo amodzi popanda kulimbirana kwambiri, popeza uliwonse uli ndi kuya kwake kumene umafikira.

Kuzilumba za Bazaruto, kufupi ndi tauni ya Vilankulo, kumene boma lidakhazikitsa malo otetezedwa mu 1971, kumaonekanso mbalame yochititsa chidwi yotchedwa crab plover. Ndi yoyera ndi yakuda, ya miyendo yaitali ndi mlomo wolimba woswera nkhanu. Iyo sichokera ku Siberia koma kuzilumba za ku Nyanja Yofiira ndi za kufupi ndi Arabia, kumene imakumba una mumchenga nkuikiramo dzira loyera, kaŵirikaŵiri limodzi lokha. Pakati pa mbalame za pagombe, khalidwe lotere nlachilendo ndithu.

Nanga munthu azione bwanji? Mlendo wosadziŵa amapita kugombe madzi ataphwera, namaona timadontho patali, nayamba kutilondola. Iye akamayandikira, mbalame zimasunthira patsogolo, ndipo amabwerako atatopa, miyendo ili matope okhaokha, osaona kanthu. Wodziŵa amayamba wafufuza nthaŵi imene madzi adzale. Madoko amasindikiza ndandanda ya nthaŵizi, ndipo masiku ano imapezekanso pa intaneti. Amafika patatsala maola aŵiri kapena atatu, atavala zovala zosaŵala, nakhala pansi kumtunda kwa malo amene madzi amalekezera. Pamenepo madziwo ndiwo amamgwirira ntchito, pakuti akamadzala amakankhira mbalame kumtunda pang'onopang'ono mpaka zimafika pafupi naye. Munthu wokhala pansi osagwedezeka mbalame zimamzoloŵera msanga, koma woimirira ndi woyendayenda zimamuopa. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pagombe mau ameneŵa ndi oona kwathunthu. Magalasi oonera patali, okuza chinthu kasanu ndi katatu kapena kakhumi, ndi okwanira, pamodzi ndi kabuku kolembamo tsiku, malo, mtundu ndi chiŵerengero cha mbalame.

Tibwere tsopano ku kujambula. Choyamba ndi kuŵala. Dzuŵa la masana limaŵalitsa mchenga ndi madzi mopitirira, ndipo nthunzi yotuluka mumchenga wotentha imasokoneza chithunzi. Nthaŵi yabwino ndi m'maŵa ndi madzulo, dzuŵa lili pansi, ndipo likhale kumbuyo kwa wojambula. Popeza magombe ambiri a Mozambique adayang'ana kum'maŵa, wojambula woyang'ana kunyanja amakhala ndi dzuŵa kumbuyo kwake madzulo. Motero tsiku labwino koposa ndi limene madzi akudzala chakumadzulo.

Chachiŵiri ndi kutsika pansi. Chithunzi chojambulidwa munthu ataimirira chimaonetsa msana wa mbalame ndi matope ambirimbiri. Koma wojambula akagona chafufumimba, kamera ili pafupi ndi mchenga, amaona mbalame maso ndi maso, zakumbuyo zimazimirira, ndipo mbalameyo imaonekera bwino. Galasi la kamera likhale lokokera patali, la mamilimita 300 kapena 400 kapena kuposerapo. Popeza timbalameti sitikhazikika, kamera itsegule ndi kutseka msanga kwambiri, pa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo pojambula youluka, limodzi mwa magawo 2,000. Diso la mbalame ndilo liyenera kuoneka bwino koposa zonse. Pojambula mbalame yoyera, monga kakoŵa kapena crab plover, ndi bwino kuchepetsako kuŵala koloŵa m'kamera, kuopa kuti nthenga zingaoneke ngati pepala loyera. Kumbukiraninso kuti mbalame zimakonda kuima moyang'ana kumene mphepo ikuchokera, ndipo zimanyamuka ndi kutera moyang'ana komweko. Mphepo ndi dzuŵa zikakhala kumbuyo kwanu, mbalame zidzakuyang'anani nkhope ili poŵala. Amene alibe kamera yodula asataye mtima, pakuti foni ya m'manja yogunditsidwa pa magalasi oonera patali imatha kutenga chithunzi chokwanira kuzindikirira mtundu wa mbalame. Mchere ndi mchenga ndi adani a kamera, choncho muziifunditsa nsalu, ndipo musasinthe galasi lake pamphepo.

Pali chenjezo limene sitingalidumphe. Pamalo athyathyathya monga a ku Beira, madzi podzala sabwera kuchokera kutsogolo kokha. Amayamba adzaza timifuleni ta kumbuyo, ndipo munthu amene maso ake ali pa kamera angadzidzimuke atazingidwa ndi madzi. Matope enanso ndi otitimira. Musapite nokha kutali ndi mtunda, ndipo funsani asodzi ndi amayi otola nkhono, amene amadziŵa njira zonse za pamalopo. Paja safunsa adadya phula.

Chenjezo lina nlokhudza mbalamezo. Madzi akadzala, izo zimaunjikana pamilu ya mchenga kuti zipume. Ena amazithamangitsa dala pofuna chithunzi cha gulu louluka. Mchitidwe umenewu ndi woipa, pakuti kuuluka kulikonse kosafunika kumawononga mafuta amene mbalame ikusungira ulendo. Ngozi yake imakula mu Febuluwale ndi Marichi, pamene zikudzikonzekeretsa kunyamuka, nthaŵi yomwenso zimakopa ojambula chifukwa zina, monga curlew sandpiper, zimayamba kufiira ngati njerwa. Mbalame yonyamuka ndi mafuta osakwanira ingafere panjira, kapena kufika mochedwa nkulephera kuswa chaka chimenecho. Mukaona mbalame yasiya kudya, yatukula khosi ndipo yayamba kuchoka, dziŵani kuti mwayandikira mopitirira. Bwererani m'mbuyo. Samalaninso popondapo, chifukwa kambalame kotchedwa white-fronted plover, kamene nkobadwira konkuno, kamaikira mazira pakadzenje mumchenga, ndipo mazirawo amafanana ndi mchengawo. Kakamayenda mokoka phiko ngati kathyoka, kakufuna kukusokeretsani kuti muchoke pachisa chake. Chokanipo msanga, popeza mazira osiyidwa padzuŵa amawonongeka.

Chithunzi chili ndi ntchito inanso yoposa kukongoletsa khoma. Mu 1899, mphunzitsi wina wa ku Denmark, Hans Christian Mortensen, adayamba kuveka mbalame timphete ta manambala kumiyendo, ndipo njira imeneyi ndiyo yaulula zambiri za maulendo a mbalame. Masiku ano akatswiri amaziveka timbendera ta mitundumitundu tokhala ndi zilembo zoŵerengeka patali. Mukaona mbalame yotere, jambulani mwendo wake, lembani tsiku ndi malo, ndipo tumizani ku bungwe la SAFRING la ku yunivesite ya Cape Town, limene limasunga mbiri ya mbalame zovekedwa mphete kummwera kwa Africa. Mwezi wa Januwale chaka chilichonse, anthu odzipereka m'maiko ambiri amaŵerenga mbalame za m'madzi, ntchito imene idayamba mu 1967, ndipo zithunzi za magulu a mbalame zimathandiza kuti chiŵerengero chikhale cholondola.

Kuŵerengako kwaonetsa kuti mitundu yambiri ikuchepa. Matope akukwiriridwa pomanga madoko ndi nyumba, mitengo ya m'mphepete mwa nyanja ikudulidwa, ndipo nyengo ya kumalo oswerana ikusintha. Mu 2024, bungwe la IUCN lidaika curlew sandpiper ndi grey plover m'gulu la mbalame zimene zili pangozi. Inzake ina, slender-billed curlew, imene inkathera nyengo yozizira m'magombe a Nyanja ya Mediterranean, idaonedwa komaliza mosakayikitsa mu 1995 ku Merja Zerga m'dziko la Morocco, ndipo mu 2025 bungwe lomwelo lidalengeza kuti mtunduwo udatha. Chimene chatsala ndi zithunzi zoŵerengeka ndi zikopa za m'nyumba zosungiramo zakale.

Mbalame yodutsa maiko ambiri singatetezedwe ndi dziko limodzi. Ndicho chifukwa chake maiko adachita pangano loteteza madambo mumzinda wa Ramsar ku Iran mu 1971. Dziko la Malaŵi lidaloŵa m'panganoli, ndipo Nyanja ya Chilwa ndiyo idakhala malo ake oyamba kulembedwa, kenaka dambo la Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire mu 2017. Kumalo ameneŵa kumafika greenshank, ruff, wood sandpiper ndi little stint yemwe uja. Kambalame kotuŵa kamene mumakaona pamiyala ya m'mbali mwa mtsinje nthaŵi ya dzinja, kakugwedeza mchira kosalekeza, kamene dzina lake ndi common sandpiper, nako nkochokera ku Ulaya kapena ku Asia. Kuno kwathu madzi sadzala kaŵiri pa tsiku, koma malangizo ena onse tafotokozaŵa amagwira ntchito chimodzimodzi: kulaŵira, kukhala pansi, kudekha, ndi kuleka mbalame kuti idye mwamtendere.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mbalamezi zimakhala nafe miyezi yoŵerengeka chabe, ndipo kubweranso kwake chaka chamaŵa kumadalira m'mene tazisungira chaka chino.