DONTHO LA MADZI A M'NYANJA YA CHILWA

Mtsinje wa Likangala umatsika m'phiri la Zomba, nudutsa m'tauni, ndi kukathira m'nyanja ya Chilwa. Kumtunda kwa mtsinjewu, pa Chirunga, pali sukulu ya ukachenjede imene inasamukira pamalopo kuchokera ku Blantyre m'chaka cha 1973 ndi dzina lakuti Chancellor College, ndipo kuyambira 2021 imatchedwa University of Malawi. Kumunsi kwake kuli midzi ya alimi a mpunga ndi asodzi a matemba, makumba ndi milamba, kufikira kudoko la Kachulu. Pakati pa sukuluyi ndi nyanjayi pali ubale wakale, pakuti kuyambira 1966 kufikira 1976 aphunzitsi a sayansi ya zamoyo, motsogozedwa ndi Mayi Margaret Kalk, anafufuza madzi, nsomba ndi zomera za m'Chilwa, ndipo anaiona nyanjayi ikuphwa mu 1968 ndi kudzazanso pambuyo pake.

Limodzi mwa maphunziro amene wophunzira sayansi ya zamoyo amakumana nawo ndi la tizilombo tosaoneka ndi maso. Ntchito yoyamba ya mphunzitsi wa phunziroli ndi yovuta ndithu: ayenera kukhutiritsa mnyamata kapena mtsikana wanzeru zake kuti maso amanama. Wophunzirayo anakula akumva kuti madzi oyera ndiwo abwino, ndipo ovunduka ndiwo oipa. Tsono mphunzitsi amadontheza dontho limodzi la madzi a padambo pakagalasi, naliika pansi pa makina okuza zinthu otchedwa maikulosikopu. Wophunzira akasuzumira amapeza kuti m'donthomo muli piringupiringu, tina tikusambira, tina tikuzungulira, tina tangoti duu. Munthu woyamba kuona zoterezi anali Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa ku Delft m'dziko la Holland, amene mu 1674 anayang'ana madzi a m'nyanja ina ya kwawo ndi galasi lopanga yekha.

Koma tizilombo totchedwa mabakiteriya n'tating'ono koposa, kotero kuti tikwi tingandande pamzere waufupi ngati kambewu ka mapira. Chifukwa chake wophunzira amaphunzitsidwa kutiweta. Amatenga kambale kagalasi kokhala ndi chivundikiro, momwe athiramo chakudya cholimba ngati phala logona. Kambaleko amakagawa pawiri. Mbali imodzi amadindapo chala chosasamba, mbali inayo chala chimene wasamba bwino ndi sopo ndi kuumitsa. Akatero amavundikira, nakaika pamalo ofunda monga thupi la munthu. M'mawa mwake, kapena mkuja, pamene panagunda chala chosasamba pamamera timadontho tambirimbiri, toyera ndi tachikasu, ndipo kadontho kalikonse ndi mudzi wathunthu wobadwa mwa kachilombo kamodzi kapena towerengeka.

Kuchulukana kwake ndiko kumadabwitsa ophunzira. Bakiteriya sabereka monga mbuzi kapena nkhuku. Amangodzigawa pakati, mmodzi nakhala awiri, awiri nakhala anayi. Mitundu ina, ikapeza chakudya ndi kufunda, imachita zimenezi mphindi 20 zilizonse. Wodziwa masamu awerenge yekha: pakutha maola 7, kachilombo kamodzi kaja kasanduka toposa mamiliyoni awiri. Pamenepa m'pamene pagona chifukwa chimene alangizi a zaumoyo amanenera kuti ndiwo zogona ndi mpunga wotsala dzulo ziyenera kutenthetsedwa kufikira zitabwata zisanadyedwe. Mphika wosiyidwa usiku wonse m'nyengo yotentha ya Okutobala susiyana kwenikweni ndi kambale ka wophunzira kaja.

Mphunzitsi wabwino salola kuti ophunzira ake atuluke m'kalasi akuganiza kuti tizilombo tonse ndi adani. Tambiri n'tothandiza. Chimene chimasasitsa thobwa ndi kusandutsa mkaka kukhala chambiko ndi tizilombo tomweti, ndipo timatuza ta kumizu ya mtedza, nandolo ndi nyemba ndi nyumba za mabakiteriya amene amabwezera chonde m'nthaka. Oipa ndi ochepa, kungoti ochepawo amalowetsa maliro m'mudzi.

Kwa anthu a m'mphepete mwa Chilwa, woipa wodziwika kwambiri ndi kachilombo ka kolera, kamene ophunzira amakalemba m'makope mwawo ndi dzina lakuti Vibrio cholerae. Pamaikulosikopu kamaoneka kokhota ngati kachikwakwa, ndipo kali ndi kamchira kamene kamapalasira. Mu 1854 dokotala wina wa ku London, John Snow, anatsata nyumba za anthu omwalira ndi kolera napeza kuti ambiri ankatunga madzi pampopi umodzi, ngakhale kachilomboko iye sanakaone. Robert Koch wa ku Germany ndiye anakaweta ndi kukafotokoza bwino mu 1884 ali ku Calcutta m'dziko la India. Kuno ku Malawi matendawa anafika mu 1973.

Nanga n'chifukwa ninji kolera imabwerabwera ku Chilwa? Yankho lili m'khalidwe la kachilomboko ndi la nyanjayo. Kachilomboka kamakonda madzi ofunda okhala ndi kamchere pang'ono. Chilwa ndi nyanja yosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe imangothiramo, madzi nachoka pouma ndi dzuwa basi, mchere ndi zonyansa n'kutsala. Ndiponso asodzi ambiri amakhala masabata angapo pazimbowera, zisakasa zoyandama zomangidwa panjedza, kumene kulibe chimbudzi kapena mjigo. Madzi amene msodzi wadziwonongeramo ndi omwewo amene mnzake amamwa ndi kuphikira. Palibe chifukwa chowanyozera anthu amenewa, pakuti pakati pa nyanja munthu sangakumbe dzenje. N'chifukwa chake mu 2016 Unduna wa Zaumoyo ndi mabungwe othandizana nawo anapereka katemera wakumwa wa kolera m'madoko ndi pazilumba monga Chisi, ndipo asodzi a pazimbowera ena anapatsidwa katemera wachiwiri kuti akamwe okha tsiku lake litakwana. Mliri waukulu koposa m'mbiri ya dziko lino unayambira m'boma la Machinga mu Malichi 2022, ndipo unapha anthu oposa 1,700.

Wophunzira amaphunziranso kuti kachilomboka sikadya matumbo ayi. Kamatulutsa poizoni amene amachititsa matumbo kukhetsa madzi ndi mchere wa m'thupi mosalekeza. Wodwala amatsegula m'mimba madzi otuwa onga otsukira mpunga, maso amalowa m'kati, khungu likatsinidwa silibwerera msanga, ndipo munthu wamkulu wamphamvu angathe kufa tsiku lomwelo. Chopha munthu ndi kutha kwa madziko, motero mankhwala oyamba ndi kubwezera madzi. Paketi imodzi ya Thanzi ORS isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini. Ngati paketi palibe, mu lita imodzimo muthiridwe timasupuni ta tiyi 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere, zonse zosasefukira. Wodwala azimwa pang'onopang'ono ali pa ulendo wa kuchipatala, osadikira kuti kuche, ndipo mwana woyamwa apitirize kuyamwa.

Chotsala ndi luso la manja, ndipo pamenepa m'pamene ophunzira ambiri amalephera poyamba. Kawaya kotengera tizilombo kayenera kuwotchedwa pamoto kufikira katafiira, kambale kasasiyidwe kovundukula, ndipo manja asambidwe ntchito isanayambe ndi itatha. Woiwala chimodzi amapeza m'kambale mwake mutamera zimene sanabzale. Mayi wa ku Kachulu ali ndi malamulo omwewa pakhomo pake. Madzi akumwa awiritsidwe kufikira atabwata, kapena athiridwe kolorini monga mwa muyeso umene mlangizi wa zaumoyo wanena, ndipo padutse mphindi 30 asanamwedwe. Ndowa ikhale yovundikira. Madzi a pamjigo amafika pakhomo ali abwino, koma amaonongeka ndi chikho chimene mwana wamwera, nachigwetsa pansi, ndi kuchiviikanso mumtsuko. Chikho chotungira chikhale chake, chomwera chikhalenso chake, ndipo posamba m'manja nthawi ya nsima, pamaliro ngakhale paukwati, madzi azithiridwa kuchokera m'jagi, aliyense payekha, m'malo mosambira m'beseni limodzi.