Kujambula galimoto za m'tchire m'dera la migodi ku Robega

ROBEGA, South Africa – Mudzi wa Robega uli m'dera la a Bafokeng, kumpoto chakumadzulo kwa Rustenburg, pakati pa migodi ya pulatinamu. Mgodi wa Bafokeng Rasimone, womwe unalowa m'manja mwa kampani ya Impala Platinum mu 2023, uli pafupi, ndipo chakumpoto kuli nkhalango ya Pilanesberg yomwe inatsegulidwa mu 1979. M'misewu ya kuno mumadutsa ma Hilux ndi ma Land Cruiser okwezedwa m'mwamba, a matayala akuluakulu, ena oikidwa mipando yonyamulira alendo okaona nyama.

Galimoto yotere sivuta kuiona, koma imavuta kuijambula. Dzuwa la masana limang'anima pa penti yoyera mpaka kamera kulephera kuonetsa maonekedwe ake, pomwe kunsi, kumene kuli masipuling'i ndi zitsulo zomwe mwini wake anawonongerapo ndalama, kumangoti bii. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amajambula dzuwa likangotuluka kapena likamalowa, pamene kuwala kumabwera cham'mbali n'kufika pansi pa galimoto. Amagwada kuti kamera ilingane ndi nyali zakutsogolo, ndipo amaima chapangodya kuti kutsogolo ndi m'mbali zionekere pamodzi. Amene wajambula ali chilili amaifupikitsa galimotoyo, kukwezedwa kwake konse n'kubisika.

Ikamathamanga, chofunika ndi liwiro la shata. Pa 1/1000 ya sekondi, fumbi ndi timiyala zimaima m'malere, koma matayala nawonso amaoneka ngati aima. Pa 1/60, wojambula akamaitsatira ndi kamera, galimoto imatuluka bwino pomwe tchire lakumbuyo limachita chimbuuzi, zomwe zimasonyeza liwiro. Njirayi imawononga zithunzi zambiri chisanapezeke chabwino, koma pa kamera ya digito kufufuta n'kwaulere.

M'chilimwe fumbi ndi mdani: wosintha lenzi panja amalowetsa fumbi mkati, ndipo madontho akuda amaoneka pa chithunzi chilichonse.

Palinso nkhani ya chitetezo. Hilux ili m'gulu la galimoto zomwe mbava zimakonda ku South Africa, ndipo mafoni ambiri amatha kusunga m'chithunzi malo enieni pomwe chinajambulidwa. Wofuna kugulitsa galimoto, kapena kutumiza chithunzi kwa achibale ku Mangochi kapena ku Chipata, ayenera kuzimitsa GPS ya kamera ndi kuphimba nambala. M'kati mwa mpanda wa mgodi, kujambula kumafuna chilolezo cha eni ake.